Tsiku Limene Pulinta ya Alamu Inamvera

Mtendere, Lusaka
12 Meyi 2024

Okondedwa alongo anga aJameson,

Muli bwanji kumeneko ku Chadiza, pamodzi ndi amayi, akazi anu ndi ana? Ine ndinafika bwino. Pepani kuti ndachedwa kulemba. Foni ndilibe, ndipo ya akulu anga aKetty imakhala m'thumba la amuna awo, aRodgers. Kalatayi ndapatsira aDixon, kondakitala wa basi ija ndinakwera. Akuti aziisiya pa sitolo ya pa siteji, ndipo yanunso muzisiya pomwepo.

Munati ndikuuzeni zimene ndimachita kuno. M'mawa ndimatunga madzi, kusesa ndi kuchapa. Ndikatha ndimathandiza kupinda mapepala. Alamu amalembera anthu makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maliro ndi makadi a ukwati, pakhomo pomwe pano. Pabalaza pali kompyuta yaikulu, ndipo pulinta inalumikizidwa kwa iyo ndi waya. Kuchipinda kuli laputopu, imene aKetty amatayipira. Pamwamba pa kabati pali kabokosi koyera kokhala ndi timagetsi tobiriwira, dzina lake rauta. Kameneka ndi kamene kamachititsa kuti makina awiriwa azionana popanda waya. AKetty akatha kutayipa amaika ntchitoyo mu foda imene imaoneka ku makina onse awiri, kapena amangodina batani kuchipindako, pepala n'kutulukira pabalaza. Tsiku loyamba ndinadzidzimuka mpaka kugwetsa tsache, aKetty anandiseka kwambiri.

Koma masiku ano sizikuyenda bwino. Magetsi amazima maola ambiri, ndipo akabwera laputopu siiona foda ija, pulintanso siimva. Anthu amakhala pakhonde kudikira. Lachitatu kunabwera abambo ena amene mwana wawo amaikidwa tsiku lomwelo, ndipo pulogalamu yawo inakana kutuluka. Alamu analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndinamva akuti, "Iwe Ketty, wagwila chani apa? Nakuuza kangati ati osagwila-gwila vinthu vamene siuziba?" AKetty anayankha kuti sanakhudze chilichonse. Kenaka ndinamva zina zimene sindikudziwa mmene ndingazilembere. Ndinapita panja kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Alamu ndi munthu wokwiya kwambiri makinawa akavuta. Ndaona kuti ndikuuzeni zimenezi.

Mundiuze ngati mwendo wa amayi unaphwa. Mbuzi yanga ija inabereka?

Ndine mlongo wanu,
Towela


Chadiza
26 Meyi 2024

Mlongo wanga Towela,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndawerengera amayi kawiri. Tonse tili bwino, kupatula njala imene taiona kale ikubwera. Chimanga chinauma chilili, monga ukudziwa. Mwendo wa amayi ukadali wotupa koma amapita kudimba. Mbuzi yako yabereka tiana tiwiri, kamodzi kopusa ngati mwini wake, kamathawa ngakhale nkhuku.

Ndiye wakhala wa m'tauni tsopano, ukutiuza za rauta! Ukadzabwera usadzatifunse kuti pepala likutulukira kuti, kuno limatulukira m'thumba la aphunzitsi.

Nkhani ya makinayo ndaimva. Munthu ntchito ikamuvuta amakwiya, ngakhale ine pulawo ikathyoka sindilankhulika. Dzulo ndinakwera pachulu paja pamene foni imagwira, ndipo ndinawaimbira alamu kuti ndiwalimbitse mtima. Ndinawauza kuti, Towela wandilembera kuti mukukwiya kwambiri kunyumbako chifukwa cha pulinta, musadandaule, zidzayenda. Anaseka, n'kunena kuti palibe vuto, ndi zazing'ono. Ndiye usaope.

Tsopano pali kanthu. Ku kalabu yathu ya alimi andisankha kukhala mlembi, ndipo akufuna mayina onse akhale otayipa. Ndaika mndandanda m'kalata muno. Upemphe aKetty atayipe, alamu atulutse mapepala atatu, upatsire aDixon. Ndinalonjeza kale anthu kuti mlamu wanga ali ndi ofesi ku Lusaka, usandichititse manyazi.

Moni kwa aKetty. Uwauze kuti nawonso azilemba, manja ali nawo.

Ndine mlongo wako,
Jameson


Mtendere
9 Juni 2024

Alongo anga aJameson,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Chonde, ndikupemphani, musadzawaimbirenso alamu pa zimene ndalemba. Kulakwa ndi kwanga, chifukwa sindinalembe momveka. Lero ndilemba momveka ngakhale ndikuchita manyazi.

Alamu amawamenya aKetty. Sanayambe chaka chino. Tsiku limene munaimba, atangodula foni anandiitana pabalaza. Anati, "Mulamu, ukamba vichani kumunzi? Udya vakudya vanga, ugona munyumba yanga, manje wayamba kunigulisa?" Ndisanayankhe anandimenya mbama, khutu lakumanzere linalira mpaka mawa lake. AKetty anathamanga kudzaima pakati pathu. Alamu anawagwira tsitsi n'kuwakokera kuchipinda. Anatenga dzanja lawo lamanja, n'kuliika pampata wa chitseko, n'kutseka ndi mphamvu. Kawiri. Ndinamva kulira kwa zalazo. Zala ziwiri zinathyoka. Ku kiliniki aKetty ananena kuti mphepo ndi imene inatseka chitseko, ndipo alamu anali ataima pambali pawo atanyamula chikwama chawo.

Tsopano aKetty amatayipa ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono. Mndandanda wanu anayamba, koma sungatuluke chifukwa pulinta ikadali yosamva.

Ndaona kuti nthawi zambiri ndewu imayamba makinawa akakana. Ndiye ndinaganiza kuti ndiphunzire kuwakonza. Kuseri kwa nyumba yathu, muyadi yomweyi, kumakhala aDeborah, mayi wa ana atatu amene amagwira ntchito yotayipa mu ofesi. Lamulungu lapitali alamu atapita kukaonera mpira, ndinalimba mtima n'kukagogoda kwawo. Anabwera, anayang'ana dzanja la aKetty, osafunsa kanthu, n'kukhala pa laputopu.

Pasanapite nthawi anaseka. Anati, "Laputopu yanu iyi ni hule, yathabila kwa ine." Anandifotokozera motere. Magetsi akazima, rauta yathu imazima, koma laputopu imakhalabe yoyaka chifukwa ili ndi batire. Ndiye imayamba kufunafuna kwina. ADeborah ali ndi karauta kakang'ono ka batire, ndipo kale aKetty anabwerekako pasiwedi yake. Laputopu imalowa kumeneko, ndipo magetsi akabwera siibwerera yokha. Anati, "Vifunika kunkhala pa netiweki imozi. Uyu ali kwa neba, uyu ali kunyumba, bazaonana bwanji?" Anandisonyeza pamene ndingaonere dzina la netiweki, ndi mmene ndingaiuzire laputopu kuti iiwale ya kwawo.

Tinachita zimenezo, koma foda sinaonekebe. ADeborah anati vuto lachiwiri lili mu kompyuta yaikulu. Akuti muli malo ena pamene imafunsa ngati ili pagulu kapena panyumba. Ikaganiza kuti ili pagulu imatseka zitseko zake zonse, sigawananso foda kapena pulinta ndi wina aliyense. Koma kompyuta yaikulu ili ndi pasiwedi imene amaidziwa ndi alamu okha, ndipo palibe amene amaloledwa kuikhudza. ADeborah anandiuza masitepe onse pakamwa, ine n'kumalemba mu kope, ndi zithunzi zake zomwe. Alipo asanu ndi anayi. Ndimawawerenga tsiku lililonse ndikamapita kotunga madzi. Ndikudikira tsiku limene ndidzakhale ndi mphamvu zowapempha alamu.

Potuluka aDeborah anawauza aKetty kuti, "Mama, ine ningakonze makina. Uja siningamukonze, naiwe siuzamukonza." AKetty anangoyang'ana pansi.

Chonde muwauze amayi ndi amalume zimene ndalembazi. Pansipa aKetty alembapo okha.

Ndine mlongo wanu,
Towela

Jameson, ndi ine Ketty. Pepa zilembo, ndi dzanja lamanzere. Lachinayi ndinakutayipira kalata yaitali. Ndinadina kuti ituluke, inakana. Ndinaifufuta kuti asaione. Zimene walemba Towela ndi zoona.


Chadiza
20 Juni 2024

Kwa ana anga Ketty ndi Towela,

Ndine mayi wanu, akundilembera ndi Jameson. Muli bwanji? Ife kuno tikupuma.

Zimene mwalemba ndamva, ndipo sindinadye tsiku limenelo. Ketty mwana wanga, dzanja lako ulisamale, uzilithowa ndi madzi ofunda. Ndapita kwa amalume anu, poti ndi iwo ankhoswe a ukwati wako. Akuti panopa sangayende, adzapita ku Lusaka mu Ogasiti msonkhano wa mpingo ukatha, kuti akakhale pansi ndi akuchimuna. Mpaka nthawi imeneyo upirire. Mwamuna akakwiya usamayankhe, uzituluka panja. Atate anu anali ndi dzanja lofulumira, mukudziwa, koma atakula anasiya okha. Ukachoka panyumbapo anthu asanakambirane, mlandu udzagwera ife. Ndiponso kuno chaka chino mudzadya chiyani?

Towela, iwe unapita kukathandiza, osati kukalowa pakati pa anthu okwatirana. Ngati waphunzira kukonza makinawo, uwakonze msanga kuti mtima wa alamu ako ukhale pansi. Ukawapemphe mwaulemu, utagwada.

Ndine mayi wanu

Towela, ndi Jameson tsopano. Za foni ija ndalakwa, pepa. Koma ndikufunse bwinobwino, iwe umaopa ngakhale munthu akangokweza mawu. Kodi chitsekocho unachiona ndi maso ako, kapena unamva chabe? Sindikuti ukunama. Ndikufuna ndikaima pamaso pa amalume ndikhale ndi mawu olimba. Za mndandanda uja usavutike nazo kwambiri, koma anthu akufunsa.


Matero, Lusaka
2 Julayi 2024

Alongo anga,

Sindinalandire yankho la kalata yanga ya pa 9 Juni. ADixon akuti basi yawo inawonongeka ndipo inakhala ku galaji masiku ambiri, mwina yanu ikadali m'njira. Muwerenge iyi muli nokha poyamba, musanapite kwa amayi.

AKetty ali moyo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima wanu ukhale pansi. Ali m'chipatala. Ine ndikukhala ku Matero kwa akulu awo a aDeborah.

Loweruka magetsi anabwera cha m'ma 9 koloko m'mawa. Pakhonde panali mayi wina amene amadikira makadi a ukwati wa mwana wake, linali tsiku lachitatu akubwera. Alamu anayatsa makina onse, anayesa, pulinta osamva. Ndinaona khosi lawo layamba kutupa, ndipo anayang'ana chitseko cha kuchipinda kumene kunali aKetty. Pamenepo ndinatenga kope langa, ndinagwada pafupi ndi tebulo, n'kunena kuti, alamu, ndiloleni ndiyeseko.

Anandiyang'ana n'kuseka. Anawauza mayi aja kuti, "Mwamvela? Wa Giledi Seveni afuna kunipunzisa nchito." Kenaka anatayipa pasiwedi yawo atabisa ndi dzanja, n'kunyamuka pampando. Anati, "Nkhala. Ukaononga, uziba."

Ndinatsata kope sitepe ndi sitepe. Ndinapeza malo aja, ndipo zinali monga ananenera aDeborah, kompyuta imaganiza kuti ili pagulu. Ndinasintha kuti idziwe kuti ili panyumba. Ndinayatsa pamene pamalola kugawana mafayilo ndi pulinta. Ndinapita kuchipinda kukaona laputopu, inali pa netiweki yathu, ndipo foda inaoneka ndi ntchito zonse zili momwemo. AKetty anandigwira phewa, anamwetulira. Ndinali wokondwa, alongo anga. Sindingabise, ndinali wokondwa kwambiri.

Tili chomwecho tinamva pulinta yayamba kulira pabalaza, munthu asanadine chilichonse. Alamu anawomba m'manja. Anati, "Ah, kamulamu kanga ni ka injiniya! Bwelani muone." Tinatuluka tonse awiri. Pepala loyamba linatuluka, lachiwiri, lachitatu, mpaka asanu. Alamu anatenga loyamba akumwetulirabe, akuganiza kuti ndi khadi la ukwati.

Inali kalata ija aKetty anakulemberani. Iwo anafufuta fayilo, koma sanadziwe kuti ukadina batani pulinta isakumva, ntchitoyo siitayika. Imakhala pamzere mkati mwa laputopu, kudikira tsiku limene njira idzatseguke. Anadina kasanu tsiku lija, ndiye inatulukanso kasanu. Zimenezi aDeborah andifotokozera pambuyo pake akulira. Mu kope langa munalibe sitepe yoyang'ana pamzerepo.

Alamu anawerenga mokweza, ndi mawu oyerekeza a mkazi. "Jameson, munthu uyu adzandipha. Bwera udzanditenge, usadikire amalume. Ndabisa zovala ndi chitupa changa kwa aDeborah." Atafika pamenepo anasiya. Mayi wa makadi uja ananyamuka mwakachetechete n'kutuluka pageti. Alamu anakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba.

Anati, "Ketty, nizakupaya ine? Chabwino."

Anazula waya wakuda wa kompyuta pakhoma n'kuupinda pawiri. Anawakwapula nawo kumaso, kumsana, m'manja pamene amadziteteza, pa zala zothyoka zomwe zija. AKetty atagwa anawaponda m'nthiti ndi nsapato. Anawadzutsa ndi tsitsi n'kuwamenyetsa nkhope pakona ya kabati, ndipo rauta ndi mbale zinagwa pansi. Mano awiri ndinawaona pa simenti. Ine ndinayesa kukuwa, mawu osatuluka. Ndinawagwira mkono, anandikankha n'kukagwera pa sofa.

Kenaka anawagwadira pachifuwa, n'kuwakulunga waya uja m'khosi, n'kuyamba kukoka. Miyendo ya aKetty imamenya pansi. Patapita kanthawi inayamba kumenya pang'onopang'ono.

Sindikumbukira kuganiza chilichonse. Ndinaona pulinta patebulo. Ndi yolemera ngati chigubu chodzaza madzi. Ndinainyamula, waya wake n'kuduka, ndinaikweza mpaka pamene ndinathera, n'kuwagwetsera alamu pamutu cha kunkhongo. Anagwera chammbali. Anayesa kudzuka, ndinainyamulanso n'kuwamenya nayo paphewa. Ufa wakuda wa mkati mwake unamwazika nyumba yonse, unasakanikirana ndi magazi. Ndinamasula waya m'khosi mwa aKetty. Poyamba sanapume. Kenaka anakoka mpweya ndi phokoso loipa, ndipo m'pamene mawu anga anabwera.

Amuna awo a aDeborah ndi anthu ena anathyola chitseko. Ndi mayi wa makadi uja amene anakawaitana. Anatinyamula pa takisi.

Adokotala akuti nsagwada yathyoka, nthiti zitatu, ndipo diso lakumanzere sakudziwa ngati lidzaonanso. Nsagwada aimanga ndi mawaya, sangalankhule, amamwa phala ndi kapaipi. Alamu anawasoka mutu, tsopano ali m'manja mwa apolisi. Inenso anandifunsa mafunso maola awiri. Wapolisi wamkazi analemba zonse, n'kundiuza kuti ndipite kunyumba.

Usiku ndi usana ndikuganiza kuti ndikanapanda kukonza makinawo, kalata ikanakhala momwemo. ADeborah akuti ndisamatero, akuti likanabwera tsiku lina ndi chifukwa china. Mwina akunena zoona. Koma ndi ine amene ndinatsegula njirayo, ndipo ndinali kumwetulira.

Mwa mapepala asanu aja, apolisi anatenga awiri. Ena anang'ambika. Limodzi ndinalitola pansi pa sofa, ndaliika muno. Lili ndi chidindo cha nsapato koma likuwerengeka. Ndi lanu.

Towela


Chadiza
7 Julayi 2024

Towela mlongo wanga,

ADixon andipatsa kalata yako m'manja, ndipo akuti yathu ya pa 20 Juni anaisiya kwa aDeborah tsiku lomwe anatenga yakoyi. Ngati sunaitsegule, usaitsegule. Ngati watsegula, funso limene ndinakufunsa pansi pake undikhululukire.

Pepala la aKetty ndawerenga ndili kudimba. Sindinathe kubwerera kunyumba mpaka dzuwa litapendeka. Amayi ndawawerengera zina, zina ndadumpha. Sakulankhula ndi munthu.

Amalume amva, ndipo tsopano akuti angathe kunyamuka msanga. Akuchimuna awaimbira kale foni. Akufuna nkhaniyi ichoke kupolisi ikambidwe pabanja, akuti mbali zonse ziwiri zavulazana, ndiye palibe wokwera mnzake. Amalume akuoneka kuti akuvomera. Ine ndinawauza kuti akapita kukagwirana chanza ndi anthu amenewo, apite okha.

Ndikufuna kubwera. Ndikamupeza munthu ameneyo atatuluka, ndidzamuthyola manja onse awiri pa chitseko chomwecho, andimange. Akazi anga andibisira nkhwangwa. Koma ndalakwitsa kale kawiri pochita zimene ndimaganiza ndekha. Ndiye undiuze iwe. Ndibwere, kapena ndichite chiyani?

Jameson


Matero
15 Julayi 2024

Alongo anga aJameson,

Muli bwanji? Kalata zonse ziwiri ndinalandira, ndipo ya amayi ndinaiwerenga musanandiletse. Sindinawawerengere aKetty. Funso lanu lija ndiliyankha ngakhale mwapepesa. Chitseko ndinachiona ndi maso anga.

Musabwere kudzamenya munthu. Ndamenyapo munthu tsopano, ndipo ndikatseka maso ndimamva mmene pulinta inalirira pamutu pake. Sindikufuna kuti nanunso mukhale nazo zimenezi. Ndiponso mukamangidwa, adzatilandira ndani?

Lachisanu kuchipatala kunabwera anthu atatu akuchimuna, atate awo aang'ono a aRodgers ndi azakhali awiri. Anabwera ndi nthochi ndi buledi, munthu amene sangatsegule pakamwa. Anakhala mozungulira bedi. Abambowo analankhula nthawi yaitali, mofatsa. Anati mwana wawo walakwa, adzamulanga okha. Anati adzapereka mbuzi kwa amalume, ndipo adzagula pulinta ina kuti ntchito ipitirire, banja lisafe. Kenaka anatulutsa pepala lochotsera mlandu kupolisi, n'kutembenukira kwa ine. Anati, "Naiwe mwana, unamenya mulamu wako, mukulu. Ise takukhululukila. Manje uza mukulu wako asaine pepala, nkhani isile."

Ndinagwada, chifukwa ndi akuluakulu. Ndinawauza kuti mwini nkhani ali pomwepa, amamva, mumufunse yekha. Ndinatenga kope langa, ndinatsegula tsamba loyera, n'kuwapatsa aKetty pensulo m'dzanja lamanzere. Analemba nthawi yaitali ngakhale anali mawu ochepa. Analemba kuti, "Sindisaina. Sindibwerera." Ndinawerenga mokweza kawiri, kuti asadzanene kuti sanamve.

Azakhali amodzi anati ndine mfiti, ndinabwera kudzapasula nyumba ya mwana wawo. Anandilavulira pa chitenje. Anesi anabwera n'kuwatulutsa onse.

Ndiye mlandu ukupita kukhoti. Atiuza kuti adzatiitana, ndipo tidzayenera kubweranso ku Lusaka tonse awiri kudzanena zimene zinachitika. ADeborah akuti tidzafikira kuno ku Matero. Ndikuopa kulankhula pamaso pa anthu ambiri, koma ndayamba kulemba zonse mwadongosolo kuti ndisadzasokoneze. Amalume muwauze kuti asavutike ndi ulendo. Ngati akufuna kuona mwana wa mlongo wawo, amupeza kwa amayi.

AKetty awatulutsa m'chipatala mawa. Lachinayi tidzakwera basi ya aDixon, akuti atisungira mpando wakutsogolo kuti asagwedezeke kwambiri. Zimene mungatichitire ndi izi. Mubwereke ngolo, muyalemo matiresi, chifukwa pa njinga sangakhale. Mupeze sefa yabwino yosefera phala, ndi mkaka ngati ungapezeke, poti adzakhala akumwa zokhazokha kwa milungu isanu. Za njala tikudziwa. Ine ndidzalima dimba la amayi, ndipo mbuzi zanga zija mukhoza kugulitsa imodzi.

Chomaliza, mukhale pansi ndi amayi tisanafike, muwauze zonse zimene munadumpha. Muwauze za mano, za diso, ndi za mzere wakuda umene uli pakhosi. AKetty sanadzione pagalasi mpaka lero, ndipo ndapempha anesi kuti asawapatse. Adzadziwa mmene akuonekera poyang'ana nkhope ya amayi. Ndiye amayi alire lero ndi mawa, amalize. Lachinayi akadzawaona akutsika basi, angowalonjera ndi kuwalandira chikwama.

Ndine mlongo wanu,
Towela